Ndasiya kudya nyama, ndipite kwa yani? Mafunso ndi mayankho kwa achinyamata a ku Thyolo ndi ku Mulanje

Chaka chino ndakwanitsa zaka 7 chisiyireni nyama ndi nsomba. Ndinakulira cha ku Luchenza, ndipo nthawi imene ndinkayamba panalibe ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti mwanawe, ukasiya usipa uziika chakutichakuti m'malo mwake. Ndinaphunzira mochita kupunthwa. Masiku ano anyamata ndi atsikana amandiimitsa potuluka m'tchalitchi, ena pasiteji podikira minibasi, n'kumandifunsa zomwezo zimene ine ndinasowa wondiyankha. Ndazilemba pano monga momwe eni ake amafunsira.

Kodi wosadya nyama ndi ndani kwenikweni? Usipa ndi mbewa nazonso ndi nyama?

Ndi nyama ndithu. Kwathu kuno tikati nyama timaganiza za ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Nkhuku timaitchula payokha, ndipo usipa, matemba, mbewa, ngumbi ndi ziwala timangoti ndiwo. Koma munthu amene pa Chingerezi amati vegetarian sadya chamoyo chilichonse chophedwa, kaya ndi cham'madzi, chakuuna kapena chouluka. Mazira amadya, mkaka amamwa. Pali wina wopitirira apo, wotchedwa vegan, amene sakhudza mazira, mkaka, chambiko ngakhale uchi. Alipo enanso ambiri amene anasiya nyama koma nsomba akudyabe, ndipo palibe chimene alakwa.

Mawu awiri a Chingereziwo ndawatchula dala chifukwa mudzawafuna pofotokozera namwino kapena pofufuza pafoni. Yambani mwadziwa kuti inuyo muli mbali iti, poti malangizo a munthu womwa mkaka ndi osiyana kwambiri ndi a munthu amene mkaka anausiya.

Kwathu nyama timaiona pa Khirisimasi pokha. Si ndiye kuti ndife osadya nyama kale?

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amasocherera. Banja limene likudya nsima ndi nkhwani wopanda nsinjiro kuyambira Lolemba mpaka Loweruka chifukwa m'thumba mulibe kanthu, silinasankhe chilichonse. Lili pamavuto, ndipo ana ake akukula mopinimbira. Kusiya nyama mwakufuna kumafuna kuti munthu aziganizira mbale yake kuposa momwe ankachitira kale.

Azaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zipatso, za m'gulu la nyemba, zamafuta ndi zochokera kunyama. Inu mukuchotsa mbali yaikulu ya gulu lomalizali. Kamulu ka usipa kamene amayi amagula madzulo pamsika kamaoneka konyozeka, koma poti timadya ndi mitu yomwe ndi minga yomwe, kamapatsa thupi zomanga thupi, kashiamu, ayironi ndi vitamini B12 nthawi imodzi. Mukakachotsa osaikapo china, mwangodzichepetsera chakudya basi.

Choncho lamulo langa ndi ili: tsiku lisadutse popanda nandolo, nyemba, khobwe, nzama, soya kapena mtedza, ndipo osati tinyemba towerengeka toyandama mumsuzi, koma chipande chodzadza. Pambali pake masamba obiriwira, chipatso chimodzi cha nyengo imeneyo, ndi kanthu kamafuta.

Ndiyambire kwa yani pofuna kuphunzira kaphikidwe?

Kwa anganga anu. Dera lathu lino ndi la nandolo. Malo aakulu anapita ku tiyi kalekale, minda ya anthu n'kutsala tizigawo, ndiye makolo athu anazolowera kudzala nandolo, khobwe ndi nyemba m'mizere ya chimanga momwemo. Nzeru zophikira mbewu zimenezi zili m'mitu mwa amayi achikulire, ndipo sanazilembe paliponse. Nandolo yemweyu mavenda amamugula pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza, n'kukathera ku India, dziko limene lili ndi anthu osadya nyama ochuluka kuposa lina lililonse. Kumeneko amamuchotsa khungu n'kumuphika tsiku ndi tsiku ngati ndiwo yotchedwa dal. Ife timagulitsa thumba lonse pamtengo wolira, ndalamayo n'kugulira bonya wa masiku ochepa. Zimandiwawa mumtima ndikaona zimenezi mwezi wa Seputembala.

Khalani pansi pafupi ndi mafuwa, muwapemphe anganga akuonetseni kupanga chipere, kuwiritsa makata, kuphika futali, kutendera chisoso ndi bonongwe, kusinja chigwada mpaka chifewe n'kuchiphika mokwanira, kufutsa chitambe ndi nkhwani kuti mwezi wa Okutobala musasowe masamba. Afunseninso za nzama, zimene achinyamata ambiri anaziiwala chonsecho zimakhutitsa ndiponso zimapirira chilala.

Za kalongonda ndinene mosapita m'mbali: musayese kuphika nokha koyamba. Ndi chakudya chonyaditsa cha Alhomwe, ndipo amene anapitako kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako mwezi wa Okutobala anamuona akugulitsidwa. Koma ali ndi mankhwala achilengedwe amene amazunguza mutu ndi kusanzitsa ngati sanapse. Amafuna kuwiritsidwa maola ambiri, madzi akutayidwa n'kuthiramo ena mobwerezabwereza. Ameneyu muphike pamodzi ndi munthu amene wakhala akumuphika moyo wake wonse.

Nanga kuchipatala angandithandize, poti sindikudwala?

Angakuthandizeni, ndipo ndi bwino kupitako musanadwale. Woyandikira kwambiri ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, uja timangoti a HSA, amene amayendetsa sikelo ya ana. Nkhani ya magulu 6 ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Pachipatala chachikulu cha boma ku Thyolo ndi ku Mulanje pali ogwira ntchito oona za kadyedwe, ndipo zipatala za mishoni monga Mulanje Mission ya CCAP ndi Malamulo nazonso zimaphunzitsa za zakudya. M'zipatala zambiri muli malo kapena tsiku lothandizira achinyamata paokha. Anthu amaganiza kuti kumeneko n'kwa nkhani za kulera zokha, koma mungafunsenso za chakudya.

Tengani buku lanu lakuchipatala, ndipo mukafika nenani zinthu zitatu: zimene munasiya, munasiya liti, ndi zimene mumadya pa tsiku wamba. Pemphani kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi, alembe m'bukumo kuti pakatha miyezi ingapo mudzafananize. Nthawi zina mudzakumana ndi wina wotopa ndi mzere amene adzangoti kadyeni nyama. Musapse mtima. Nenani mwaulemu kuti, "Adokotala, nyamayo ndinasiya ndipo sindibwerera. Chonde ndiuzeni chimene ndingadye m'malo mwake." Ambiri akaona kuti mwatsimikiza amakhala pansi n'kukufotokozerani.

Ngati chipatala chili kutali kapena mukuchita manyazi, pali Chipatala Cha Pa Foni. Mumaimba mwaulere, ndipo amayankha mafunso a zaumoyo ndi a kadyedwe m'Chichewa.

Ndamva kuti a Seventh Day ndi amene amadziwa zimenezi. Ine si wa mpingo umenewo, angandilandire?

Pankhani imeneyi ife a ku Thyolo tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa yakhala m'manja mwa a Seventh-day Adventist kuyambira 1902, ndipo lero pali chipatala ndi sukulu yophunzitsa anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala. Mpingo umenewu unayamba kulimbikitsa za kadyedwe koyenera m'chaka cha 1863, ndipo umaphunzitsa kuti kudya zomera, pamodzi ndi mkaka ndi mazira kwa amene akufuna, ndiyo njira yabwino. Sukakamiza. Chimene umaletsa ndi nkhumba, mbewa, milamba ndi zina zimene Levitiko 11 imazitcha zodetsedwa, n'chifukwa chake mudzapeza Aadiventi ambiri akudya nkhuku ndi chambo. Komabe pafupifupi mumpingo uliwonse mumakhala mtsogoleri wa zaumoyo, ndipo pamisonkhano yamisasa pamakhala maphunziro a zaumoyo, nthawi zina ndi a kaphikidwe komwe. Ku America, yunivesite yawo ya Loma Linda yakhala ikutsata umoyo wa mamembala zikwizikwi kwa zaka zambiri, ndipo zochuluka zimene dziko limadziwa za anthu osadya nyama zinachokera kumeneko.

Kufunsa sikulowa mpingo. Ine mkaka wa soya ndinaphunzira kwa mayi wina wa Dorika amene sanandifunsepo n'komwe kuti ndimapemphera kuti. Pitani Lamlungu kapena mkati mwa sabata, osati Loweruka pamene ali pa Sabata, munene chimene mwadzera.

Si okhawo ayi. Marasta ali ndi kadyedwe kawo kotchedwa ital, ndipo ambiri mwa iwo ndi akatswiri pophika nyemba ndi masamba popanda zokometsera za m'mapaketi. Akatolika amasala nyama Lachisanu m'nyengo ya Lenti, ndiye amayi a mumpingomo amadziwa ndiwo za masiku otero. Kwa aliyense tengani luso la m'khitchini, koma za mankhwala ndi matenda muzikatsimikiza kuchipatala.

Vitamini B12 amene mumangomutchulayu ndi chiyani?

Ngati pali yankho limodzi loti muliwerenge kawiri, ndi lino. B12 amathandiza kupanga magazi ndi kusunga mitsempha ya ubongo ndi ya thupi lonse kuti izigwira bwino ntchito. Sapezeka mu nandolo, mu bonongwe, mu mapeyala kapena mu chipatso chilichonse. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, kapena m'mapiritsi ndi zakudya zimene a fakitale achita kuthiramo. Kuyambira zaka 14 kupita m'tsogolo munthu amafunika mamaikulogalamu 2.4 pa tsiku. Kapu imodzi ya mkaka imapereka pafupifupi theka la mlingo umenewu, dzira limodzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5.

Kuopsa kwake n'koti chiwindi chimasunga B12 kwa nthawi yaitali, mwina zaka, ndiye munthu amasiya nyama n'kumayenda bwinobwino, kumauza anzake kuti onani ine ndilibe vuto. Nkhokwe ija ikatha mpamene zimayamba: dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kutopa kosadziwika bwino, lilime kuwawa, kuiwalaiwala, kuyenda modzandira. Mitsempha ikaonongeka kwambiri siibwereranso mwakale.

Kwa amene mumamwa mkaka, dera lathu ndi limodzi mwa madera oweta ng'ombe za mkaka kwambiri m'Malawi. Cha ku Bvumbwe ndi m'midzi yambiri ya ku Thyolo ndi ku Mulanje alimi ali ndi magulu osonkhanitsa mkaka, ndipo mukhoza kugula kwa mlimi mwachindunji. Muziuwiritsa musanamwe. Chambiko nachonso chimathandiza. Kwa amene mwasankha kukhala vegan, palibe njira ina koma mapiritsi, ndipo ngati simungathe kuwapeza mwezi ndi mwezi, langizo langa ndi loti musasiye mazira ndi mkaka panopa. Pogula kufamase werengani pabotolo muone ngati palembedwa B12 kapena cyanocobalamin, chifukwa ena mwa mapiritsi aja timangoti B Co alibe B12 mkati mwake. Ndipo wina asakunamizeni kuti ufa wa chamwamba ukwanira. Chamwamba ndi masamba abwino, koma ntchito imeneyi sangaigwire.

Anzanga akuti ndidzatha magazi. N'zoona?

Zikhoza kuchitika, ndipo ine zinandichitikira m'chaka choyamba. Ndinayamba kumva chizungulire ndikadzuka mofulumira, kukwera kachitunda kochokera kumjigo mtima n'kumagunda ngati ndathamanga. Atandiyeza anapeza magazi ochepa. Namwino wake anandifunsa funso limene sindinkaliyembekezera: tiyi mumamwa nthawi yanji? Ine ndinkamwa m'mawa ndi mbatata, masana ndikangotha nsima, madzulonso chimodzimodzi, wakuda bii, monga timachitira ife okulira m'mphepete mwa minda ya tiyi.

Nkhani yake ili motere. Ayironi wa mu nyemba ndi m'masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa mu nyama, ndipo mu tiyi muli zinthu zotchedwa tannin zimene zimamumanga ayironiyo m'mimba kuti asalowe m'magazi. Sindikuti musiye tiyi. Mungomusiyanitsa ndi chakudya, padutse ola limodzi kapena awiri. Chimene chimathandiza ayironi kulowa ndi vitamini C, ndipo ameneyu tili naye wambiri: gwafa, nanazi wa ku Mulanje, papaya, mango, malalanje, tomato wosaphikitsa, kapena kungofinyira ndimu pandiwo. Nyemba muzizinyika m'madzi usiku wonse musanaphike. Zimapsa msanga, nkhuni zimapulumuka, ndipo thupi limatengamo zambiri. Masamba musawaphike mpaka kuda, ndipo soda muchepetse chifukwa amapha mavitamini.

Atsikana, inu mumataya magazi mwezi ndi mwezi, ndiye nkhaniyi ikukukhudzani kuposa anyamata. Mukapatsidwa mapiritsi oonjezera magazi kusukulu kapena kuchipatala, imwani. Kumbukiraninso kuti si chakudya chokha chimene chimachepetsa magazi. Malungo, njoka zam'mimba ndi likodzo zimatero, choncho mukamva chizungulire musangothamangira kuonjezera bonongwe, kayezetseni.

Ndimasewera mpira komanso ndimagwira maganyu olemetsa. Mphamvu ndizitenga kuti?

Ambiri mwa amene amathyola tiyi kuyambira mbandakucha, dengu lili kumsana, nkhomaliro yawo imakhala nsima ya nyemba kapena nandolo. Mphamvu zogwirira ntchito zimachokera ku nsima, mbatata, chinangwa, mpunga ndi mafuta. Zomanga thupi ndi zimene zimakonza minofu. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, ndiye wolemera makilogalamu 60 akufunika magalamu 48 pa tsiku, ndipo amene akukula kapena kugwira ntchito yakalavulagaga amafunika oposerapo. Mu magalamu 100 a soya wouma muli pafupifupi magalamu 36, mu mtedza pafupifupi 25, mu nyemba ndi nandolo wouma kupitirira pang'ono 20. Chimanga pachokha chimaperewera chomangira china chotchedwa lysine chimene nyemba zili nacho chambiri, ndiye nsima ya nyemba ndi banja lokwanirana. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala zisanachoke.

Soya musamudye wosaphika kapena kumugayitsa wamuwisi. Ayambe wawiritsidwa kapena kukazingidwa bwino, apo ayi amavuta kugayika m'mimba. Nyama ya soya ya m'mapaketi ija ndi yothandiza pa tsiku lotanganidwa, kungoti tizokometsera take timakhala ndi mchere wambiri. Mtedza muzisankha: wachuku, wofota ndi wowawa tayani, musaugayitse kukhala nsinjiro poganiza kuti zabisika, chifukwa poizoni wa chuku amaononga chiwindi ndipo satha ndi moto. Nyengo ya mapeyala idyani mapeyala, kuno amachita kugwa okha.

Makolo anga akuti ndayamba mwano, ena akuti ndalowa zachilendo. Ndiwauze bwanji?

Yambani mwamvetsa chimene chikuwapweteka. Bambo amene wavutika mwezi wonse n'kubwera ndi theka la kilogalamu ya nyama pa tsiku la malipiro, amabwera nayo monyadira. Mwana akaikankhira pambali, bamboyo amamva ngati akanidwa iwowo. Amayi nawo amaopa ziwiri: kuti mudwala, ndi kuti aziphika miphika iwiri pamene nkhuni ndi mafuta zili zovuta kale.

Musalengeze nkhaniyi nsima ili pamphasa. Pezani nthawi imene amayi ali okha, mwina mukuwathandiza kusankha nyemba, munene kuti, "Amayi, pali chimene ndakhala ndikuganiza, ndimafuna mundithandize nzeru." Fotokozani chifukwa chanu mwachidule, kaya ndi chikhulupiriro, kaya thanzi, kaya chisoni ndi ziweto. Kenako nenani chimene inuyo muzichita: kunyika nyemba madzulo, kusinja nsinjiro, kuthyola ndiwo, kutsuka mphika wanu. Makolo amakhulupirira manja kuposa pakamwa. Ngati bambo ali ovuta, dzerani kwa amalume kapena azakhali amene amamvana nawo, monga timachitira ndi nkhani ina iliyonse yolemera. Kuwatenga amayi popita kwa a HSA kumathandizanso, poti akamva kuchokera kwa wazaumoyo mtima umakhala pansi.

Chinthu chimodzi musachite: kunyoza mbale ya ena. Osanena kuti mukudya mtembo, osachita tsinya mng'ono wanu akamatafuna fupa. Kwa amene mumawerenga Baibulo, Aroma 14 inaneneratu kuti wakudya asapeputse wosadya, ndipo wosadya asaweruze wakudya.

Nanga kuchilendo, kuukwati ndi kumaliro?

Vuto lalikulu ndi nkhuku ya mlendo. Ikaphedwa chifukwa cha inu, kuikana kumakhala kowawa kwa onse. Ndiye nenani isanagwidwe. Tumizani uthenga musananyamuke, kapena mukangolonjeredwa nenani kuti, "Zikomo kwambiri, koma musavutike ndi nkhuku, ine nyama sindidya. Nyemba kapena masamba alionse andikwanira." Kuukwati ndi kumaliro anthu ndi ambiri, palibe amene amayang'ana mbale yanu. Tengani nsima, kabichi ndi nyemba, mudye mwakachetechete. Pamaliro makamaka, si malo ofotokozera za kadyedwe kanu.

Pachiwaya dziwani kuti tchipisi nthawi zambiri chimakazingidwa m'mafuta omwewo a nyama. Ena zimenezi siziwavuta, ena zimawavuta. Ine ndimagula chinangwa chophika, chimanga chootcha kapena nthochi.

Ndili kusukulu yogonera komweko. Ndingakwanitse?

Mungakwanitse, poti chakudya cha masiku ambiri ndi nsima ya nyemba kale. Chosowa ndi cha tsiku la nyama ndi zoonjezera. Kaonaneni ndi aphunzitsi oyang'anira zogona kumayambiriro kwa teremu, makamaka ndi kalata yochokera kwa makolo, kuti akukhitchini azikusungirani nyemba kapena dzira. Musadikire kukakangana ndi ophika pawindo. M'thumba lochokera kunyumba muziikamo mtedza wokazinga, chiponde, ufa wa soya wokazinga wothira m'phala, ndi mkaka waufa ngati makolo angathe. Aphunzitsi a Home Economics, a Biology ndi a Agriculture ndi anthu oti muziwafunsa. Ambiri amasangalala wophunzira akabwera ndi funso la moyo weniweni.

Pa intaneti ndikhulupirire ziti?

Pitani kumeneko pomaliza, mutadutsa kaye kwa anganga ndi kuchipatala. Pali mabungwe akale odalirika: Vegetarian Society ya ku Britain inayamba mu 1847, ndipo Vegan Society inayamba mu 1944. Onsewa amalemba zomveka bwino za B12, ayironi ndi kashiamu, ndipo sabisa zovuta zake. A NHS, omwe ndi azaumoyo a boma la Britain, nawonso ali ndi malangizo achidule osavuta kumva. Werengani zolembedwa m'malo moonera mavidiyo, bandulo imakhalitsa.

Mukamawerenga mudzakumana ndi zakudya zimene pa Bvumbwe kapena pa Chitakale simungazipeze, monga quinoa ndi mtedza wa almond. Musataye mtima n'kuganiza kuti moyo umenewu ndi wa anthu olemera. Funsani kuti chakudyacho chikugwira ntchito yanji m'thupi, mupeze chathu. Akati lentils kapena chickpeas, ikani nandolo, khobwe kapena nzama. Akati spinach kapena masamba otchedwa kale pa Chingerezi, ikani bonongwe, chisoso, kholowa, mpiru. Akati njere za sesame, ndi chitowe chomwechi.

Pa TikTok, Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ndiye muzichenjera. Munthu akamati zakudya zakutizakuti zimachiza matenda onse, akamati thupi lanu ladzadza poizoni ndipo mugule botolo lake kuti mulitsuke, kapena akamati B12 ndi bodza la azungu, mutalikireni. Woopsa kuposa onse ndi amene amauza anthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP n'kumangomwa timadziti ta masamba. Ameneyo angakuphetseni. Wailesi nayo musaiiwale: Mzati FM ya ku Mulanje ndi nyumba zina zoulutsira mawu zimakhala ndi mapulogalamu a zaumoyo ndi zaulimi m'chinenero chathu, ena oti mukhoza kuimba foni n'kufunsa.

Ndimadziona ndekhandekha. Anzanga oganiza ngati ine ndiwapeza kuti?

Gulu silichita kufuna anthu ambiri. Atatu akwana. Yang'anani m'magulu amene alipo kale: achinyamata a kumpingo, kalabu ya zachilengedwe kusukulu, kalabu ya achinyamata ya m'mudzi. Simudzapeza onse atasiya nyama, koma mudzapeza wina wofuna kuchepetsa, wina amene bambo ake anauzidwa kuchipatala kuti asinthe kadyedwe, wina wongokonda kuphika. Muzikumana kamodzi pamwezi, aliyense abwere ndi chimene chili kwawo, muphike pamodzi. Muitaneni mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi tsiku lina adzalankhule. Pa 1 Okutobala ndi tsiku lokumbukira osadya nyama padziko lonse, ndipo limagwa nthawi imene nandolo wouma ali mbwee, ndiye ndi tsiku labwino kuphikira anzanu ndi makolo kuti alawe okha.

Alipo amene simungawalangize kuti ayambe?

Alipo, ndipo pano sindinyengerera. Mtsikana woyembekezera kapena woyamwitsa asasinthe kadyedwe popanda kukambirana ndi anamwino a kusikelo, chifukwa mayi akasowa B12 mwana ndi amene amavulala ubongo. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB kapena a shuga ayambe wafunsa kuchipatala kumene amalandirira mankhwala. Mwana wamng'ono musamuchotsere mazira, mkaka ndi usipa chifukwa choti inu mwasankha. Ndipo ngati chifukwa chanu chenicheni n'choti mukudziona wonenepa, mukudumpha chakudya, mukuchita mantha ndi nsima, vuto si nyama ayi. Kambiranani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kapena namwino.

Palinso nyengo. Tonse tikukumbukira Malichi wa 2023, namondwe wa Freddy atakokolola minda ndi nyumba kuno, anthu n'kukhala m'misasa m'masukulu. Pa nthawi ngati imeneyo, kapena m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale pakhomo pakakhala usipa wokha, idyani chimene chilipo. Mudzayambiranso zinthu zikakhala bwino, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wokuwerengerani mlandu.

Ndilibe ndalama. Chimene ndingachite sabata ino n'chiyani?

Pemphani kamalo kuseri kwa nyumba, ngakhale mayadi ochepa, pafupi ndi pamene mumataya madzi otsukira mbale. Bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha, ntchito yanu n'kungosiya kuzizula ngati udzu. Dzalani khobwe, amene amakupatsani chitambe poyamba, nyemba zake pambuyo. Kwa alangizi a zaulimi funsani za mbewu ya mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, imene ili ndi vitamini A wambiri ndipo kholowa wake ndi ndiwo. Kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe akhala akugwira ntchito ndi mbatata zoterezi kwa zaka zambiri, ndiye mbewu yake m'dera lino siisowa. Ngati pakhomo pali nkhuku, pemphani kuti thadzi limodzi likhale lanu la mazira.

Nthawi yokolola, makolo asanaitane venda, apempheni kuti ndowa ziwiri za nandolo ndi imodzi ya mtedza zisagulitsidwe. Ziumitseni bwino, muzisunge mouma, mu chigubu chotseka kuti anankafumbwe asalowe. Mchere muzigula wa ayodini. Loweruka likubwerali nyikani nyemba madzulo, Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi mupite kwa anganga ndi nsinjiro m'kapepala, mukawapemphe akuphunzitseni chipere.